UMBONI WANGA: NDINKATULUTSA CHIWANDA CHOMWE MWA MWANA WANGA MUNALIBE

 

Umboni wa lero ndi wautali, ndiye ngati muli pa ntchito isungeni positi iyi muwerenge madzulo mutakhala pansi. Lero sindikamba za galimoto kapena za visa. Ndikamba za m'nyumba mwanga, ndipo wolakwa wamkulu m'nkhaniyi ndine. Ndisanaiponye ndinakhala pansi ndi mnyamata wanga n'kumuwerengera yonse. Atamva anati, "Adadi, ponyani. Dzina langa musaike, koma ya foni ija musaibise." Ndiye dzina sindiika, ndipo ya foni sindiibisa.

Mwa ana athu anayi, uyu ndi wachiwiri. Chaka chino wakwanitsa zaka 17. Chiyambire kukwawa sanali mwana wokhazikika. Mayi ake akamubereka kumbuyo ankapalapata mpaka nsalu kumasuka. Ali Sitandade 1 aphunzitsi anatiitana koyamba, ndipo mawu amene anatiuza tsiku limenelo ndi omwe tinawamva chaka ndi chaka mpaka Sitandade 8: "Abusa, mwana wanu nzeru ali nazo, koma samvetsera." Sakhala pansi. Amayankha funso lisanathe. Notsi amalemba mizere itatu, kenako wayamba kujambula minibasi. Majuzi amene anataya sindingawerenge. Mapensulo tinkachita kudula pakati kuti akataya theka, theka lina litsale.

Kunyumba zinali chimodzimodzi. Mayi ake amutuma pa okala kukagula mchere, machesi ndi tomato. Patha ola lathunthu, uyo akubwera ndi machesi okha, chenji palibe, wakhala akuonerera anthu akukonza njinga yamoto. Ukamufunsa, yankho lake, "Ndinaiwala." Mawu amenewa ankandipsetsa mtima kuposa china chilichonse, chifukwa mwana yemweyo ankatha maola atatu akumasula wailesi yakufa, osamva n'komwe kuti nsima yapsa. Bullets ikasewera ndi Noma ankakuuza amene wagoletsa ndi mphindi yake yomwe. Ndiye ine ndinkati, munthu wokumbukira zigoli angaiwale bwanji mchere? Ndi dala basi. Ndi mwano.

Ndinachita zimene bambo anga ankachita kwa ine. Kuseri kwa nyumba tinali ndi mtengo wa gwafa, ndipo nthambi zake zinatha ndi mwana ameneyu. Ndime za m'buku la Miyambo zonena za ndodo ndinkazidziwa pamtima, ndipo ndinkazitchula kwinaku ndikukwapula. Lero ndivomere kuti nthawi zambiri chimene chinkakweza dzanja langa sanali malemba, anali manyazi. Lamulungu ine ndili pa guwa ndikulalikira za banja lowopa Mulungu, mwana wa abusa akukwawa pansi pa mabenchi kuthamangitsa chitete. Maso a amayi a mumpingo ndinkawaona. Tikafika kunyumba ankalipira ndi iye.

Ali ndi zaka 9, mlongo wina wa mumpingo mwathu amene ndi namwino anabwera kwa ine tikuweruka. Anayamba ndi kupepesa, kenako anati, "Abusa, mwanayu bwanji mutamupititsa kuchipatala akamuone? Alipo ana amene ubongo wawo umavutika kugwira chinthu chimodzi." Ine ndinamudula pakamwa. Ndinati, "Mlongo, musalengeze matenda pa mwana wanga. Ndikukana m'dzina la Yesu." Anangoti zikomo, n'kumapita. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinachita kuuzidwa osafunsa n'komwe, koma phulalo ndinadyabe zaka zisanu.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene nkhani inasintha. Ali wamng'ono, akaiwala ankalira ndi kupepesa. Ankabwera yekha kudzanena kuti, "Amayi, mawa sindidzaiwalanso." Atafika zaka 11, kupepesa kunatha. Panabwera mawu atsopano: "Sindichita." Ukamutuma, akufunsa kuti bwanji osatuma mkulu wake. Ukamudzudzula, wolakwa ndi wina. Ankaputa azichemwali ake mwadala mpaka alire. Nkhope inali yokwinyika kuyambira m'mawa, kanthu kakang'ono wapsa mtima.

Madzulo ambiri m'nyumba mwathu ankayenda motere. Mayi ake anena kuti, "Katsuke mbale." Iye ali pa wailesi yake, sanamve. Anenanso mokweza. Kachitatu anena mokalipa. Iye adzidzimuka pa kachitatuko, ndipo chimene wamva ndi kukalipa kokha, ndiye nayenso akweza mawu. Ine ndituluka kuchipinda ndi lamba. Apa zinkatha pawiri. Mwina ndimukwapule atsuke mbale akulira, ine ndikagone ndikudziuza kuti lamba amathandiza. Mwina amenyetse chitseko athawire kunja, mayi ake atope atsuke okha, iye abwere usiku akudziuza kuti ukalusa kwambiri ntchito imakudutsa. Tsiku lililonse wina wa ife ankagona ataphunzira kuti wolusa kwambiri ndiye amapambana.

Gwafa atalephera ndinati ichi ndi chauzimu. Ndinasala kudya masiku 7. Ndinapita naye kuphiri. Kenako pa ovanaiti ina, ali ndi zaka 13, ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandiwawa. Ndinamuitana kutsogolo, pamaso pa mpingo wonse ndi achinyamata anzake, n'kulengeza pa maikolofoni kuti mwa mwana uyu muli mzimu wa kusamvera ndi kuwukira, ndipo usiku uno utuluka. Ndinamusanjika manja. Ndinafuula mpaka mawu kusasa. Iye anangoima chilili, osagwa, osalira, akundiyang'ana m'maso. Ena mwa inu munalipo. Patapita zaka ziwiri ndi pamene anandiuza zimene zinali mumtima mwake usiku umenewo. Anati, "Adadi, ndinaganiza kuti ngati bambo anga omwe akuti ndine wa ziwanda, basi bola ndingokhala wa ziwandayo."

Ali ndi zaka 14, mu Fomu 1, anayamba kutuluka m'nyumba atavala yunifolomu koma kusukulu osafika. Anzake a m'kalasi anali atamutopa kalekale chifukwa chowadula mawu ndi kuyambitsa ndewu pa mpira. Amene anamulandira anali anyamata akuluakulu a pa pool kumsika, osiya sukulu. Kwa iwo kusaopa kwake kunali chuma, chifukwa chimene ena akuzengereza iye wachita kale. Anayamba kunama osaphethira. Kawiri anagona kunja. Zovala zinayamba kununkha chamba. Ndalama za chopereka zimene ndinkasunga kuchipinda podikira Lolemba zinayamba kuperewera, ndipo ine ndinakayikira dikoni wosalakwa, munthu amene watumikira nane zaka zambiri. Ndinakamupepesa kunyumba kwake, ndipo pano ndikupepesanso pagulu.

Kenako ya foni ija. Loweruka lina madzulo anatsomphola foni ya mayi wina wogulitsa kaunjika. Anthu anamuthamangitsa n'kumugwira. Mukudziwa zimene zimachitika m'misika mwathu wakuba akagwidwa. Amene anamupulumutsa ndi abambo awiri a chitetezo cha m'dera amene anamutchinga ndi matupi awo mpaka kukamusiya kupolisi. Foni yanga inalira cha m'ma 8 koloko usiku ndikukonza ulaliki wa mawa lake. Ndinamupeza atakhala pansi pa simenti, mlomo utatupa, shati itang'ambika. Atandiona sanapepese. Anangotembenukira kukhoma.

Wapolisi wachimayi amene amaona nkhani za ana anandikhazika pansi. Anandifotokozera kuti lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalola kuti mwana wolakwa koyamba mlandu wotere athandizidwe osadutsa njira ya milandu ya akuluakulu, makamaka akavomera ndipo wolakwiridwayo akabwezeredwa. Mayi mwini foni anavomera, Mulungu awadalitse. Koma wapolisiyo anandichenjeza kuti akapitiriza, kutsogolo kwake ndi ku Mpemba kosungira ana olakwa, ndipo akakula ndi kundende. Kenako anafunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: "Abusa, zimenezi zinayamba liti? Musandiuze za kuba. Ndiuzeni ali mwana." Nditafotokoza za majuzi ndi mchere uja, anati, "Mupite naye kuchipatala, ku gawo la matenda a maganizo." Mawu omwewo a mlongo namwino uja, patatha zaka zisanu.

Ndinapita mozemba, nditavala kapusi, kuopa kuti wina wa mumpingo andiona pa mzere umene anthu amati ndi wa amisala. Tinapita maulendo atatu asanatiuze kanthu. Adokotala anafunsa za mimba yake, za kubadwa kwake, za tulo, za khunyu, za makutu ndi maso, za chamba, ngati anachitidwapo nkhanza ndi wina aliyense. Anapempha malipoti onse a kusukulu kuyambira pulayimale. Anatipatsa mafomu oti aphunzitsi awiri alembe. Analankhula naye payekha ine ndili panja. Ulendo wachitatu anatiitana tonse ndi mayi ake, anatenga pepala n'kujambula mabokosi atatu. Zimene anatiuza, pamodzi ndi zimene ndakhala ndikuwerenga chichokereni tsiku limenelo, ndikuuzani m'mawu anga.

Bokosi loyamba ndi limene madokotala amalitchula kuti ADHD. Ndi vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kulephera kusunga maganizo pa chinthu chimodzi, kulephera kukhazikika, ndi kuchita chinthu asanaganize. Mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi ndi imene imagwira ntchito ngati mabuleki, imene imakuuza kuti dikira, maliza kaye ichi, ganiza za mawa. Mwa munthu aliyense mbali imeneyi imachedwa kukhwima, imafika mpaka m'zaka za m'ma 20. Mwa ana a ADHD imachedwa kuposa pamenepo, ndipo kafukufuku wina wa ku America wa mu 2007 amene anajambula ubongo wa ana anapeza kuchedwa kwa zaka pafupifupi 3. Taganizani kabaza akutsika chitunda atanyamula katundu, mabuleki ali ofooka. Njira akuidziwa, kumene akufuna kuima akukudziwa, koma njinga siikuima. Kuti anene kuti ndi ADHD, zizindikiro ziyenera kukhala zitayamba mwana asanafike zaka 12, zitatenga miyezi yosachepera 6, ndipo zikuoneka malo oposa amodzi, monga kunyumba ndi kusukulu komwe. Pa dziko lonse, pafupifupi ana 5 pa 100 aliwonse ali nalo, ndipo limapezeka kwambiri mwa anyamata kuposa atsikana.

Ndinafunsa za wailesi ndi zigoli zija. Adokotala anaseka pang'ono n'kuti makolo onse amafunsa funso lomwelo. Anati mwana wotere chidwi ali nacho, chimene chimamuvuta ndi kuchiwongolera. Chinthu chikamusangalatsa chimamukoka chokha mpaka kuiwala kudya. Chinthu chosasangalatsa, chofuna kuti munthu adzikakamize, ndi chimene chimamupulumuka. Ndiye umboni umene ine ndinkaugwiritsa ntchito pomuweruza kuti ndi dala unali chizindikiro cha vuto lomwelo.

Ena mudzati awa ndi matenda a masiku ano obwera ndi mafoni. Ayi abale. Dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu olephera kusunga chidwi mu 1798. Dokotala wa ana George Still anafotokoza za ana otere ku London mu 1902. Nthawi imeneyo foni ya m'manja kunalibe.

Bokosi lachiwiri amalitchula kuti ODD. Awa ndi makani amene akhazikika: kupsa mtima msanga, kutsutsana ndi akuluakulu, kukana malamulo, kuputa anthu mwadala, kukankhira ena zolakwa zako, kusunga chakukhosi, kwa miyezi yosachepera 6 komanso mopitirira zimene ana a msinkhu umenewo amachita. Uyu ndi mwana wanga wa zaka 11 uja wa "sindichita".

Bokosi lachitatu amati conduct disorder. Apa mwana wadutsa pa makani a pakamwa, wayamba kuphwanya ufulu wa anthu ena: kuba, kunama kuti apeze zinthu, kumenya, kuchitira nkhanza anthu kapena ziweto, kuwononga katundu, kuthawa sukulu, kugona kunja. Uyu ndi mwana wanga wa zaka 14.

Adokotala anajambula mivi kuchoka pa bokosi loyamba kupita lachiwiri, kuchoka lachiwiri kupita lachitatu. Anati mavuto atatuwa ndi osiyana, ndipo lililonse likhoza kubwera palokha, koma amakonda kuyendera limodzi. Buku limene madokotala a matenda a maganizo amagwiritsa ntchito, DSM-5, lotuluka mu 2013, limanena kuti mwa ana amene ali ndi ADHD ya mbali zonse ziwiri, kusamvetsera ndi kusakhazikika, pafupifupi theka amakhalanso ndi ODD, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi amafika pa conduct disorder. Werenganinso chiwerengero chimenecho. Mmodzi mwa anayi amafika, kutanthauza kuti atatu mwa anayi safika. Ndiye funso langa linali lakuti, wanga anafika bwanji?

Yankho lake lili pa mivi ija. Mwana amabadwa ndi bokosi loyamba. Mivi imajambulidwa ndi zambiri, zina za m'magazi, koma zambiri ndi zimene amakumana nazo. Mwana amene amaiwala amadzudzulidwa kuyambira m'mawa mpaka usiku, kunyumba, kusukulu, kutchalitchi, pa chinthu chimene akuyesetsa koma chikumukanika. Pakapita zaka amatopa kupepesa, amayamba kudziteteza, ndipo kudziteteza kwa mwana ndi makani. Katswiri wina wa ku Oregon ku America, Gerald Patterson, anakhala zaka zambiri akuona mabanja m'nyumba zawo, ndipo mu 1982 analemba buku lofotokoza m'mene kholo ndi mwana amaphunzitsirana kulusa, aliyense kukweza mpaka wina agonje. Nditawerenga zimenezi ndinaona mbale zija ndi lamba uja, ngati munthuyo ankasuzumira pa zenera lathu. Muvi wachiwiri umabwera motere: mwana wamakani amatsalira m'kalasi, ana odekha amamuthawa, aphunzitsi amamutulutsa panja, ndipo panjapo amapeza anyamata ena okanidwa ngati iye. Pamenepo mabuleki ofooka aja akumana ndi chamba, mowa ndi anzake omuchemerera.

Chinthu china chimene chinandilimbitsa mtima ndi ichi. Katswiri wina, Terrie Moffitt, amene wagwira ntchito pa kafukufuku wotsatira ana oposa 1,000 obadwa ku Dunedin ku New Zealand mu 1972 ndi 1973, anafotokoza mu 1993 kuti anyamata ochita zoipa ali m'magulu awiri. Ambiri amayamba atatha msinkhu ndipo amasiya akamakula. Ochepa amayamba ali aang'ono kwambiri, nthawi zambiri ali ndi mavuto ngati ADHD komanso kunyumba kuli kovuta, ndipo awa ndi amene amapitiriza mpaka ukulu ngati palibe wowathandiza. N'chifukwa chake madokotala amafunsa ngati kuba ndi kumenya kunayamba mwana asanafike zaka 10. M'mera mpoyamba. Wanga kuba anayamba mochedwa, koma ADHD inalipo kuyambira pachiyambi, ndiye adokotala anati tisataye nthawi.

Kenako anafunsa kuti, "Kodi kumtundu kwanu alipo wina wotere? Vutoli limayenda kwambiri m'magazi." Ine ndisanayankhe, mayi a kunyumba anaseka mpaka kugwira pakamwa. Anati, "Adokotala, afunseni abusawa kuti makiyi a tchalitchi ataya kangati." Abale, inu mumandidziwa. Baibulo langa ndaliiwala m'minibasi kangapo. Ulaliki wanga umayamba ku Genesis, pakati tili ku nkhani ya mtengo wa feteleza, kukathera ku Chivumbulutso. Ine sukulu ndinasiyira Fomu 2, ndipo kumudzi kwathu ankanditcha mwana wosamva. Bambo anga anandikwapula mpaka tsiku limene ndinathawira ku Blantyre. Ndakhala ndikulalikira za matemberero a kumtundu zaka zambiri, osaona zimene zinkayenda mumtundu mwanga. Zinali ziwiri: ubongo wothamanga ndi ndodo. Choyambacho sindinasankhe kumupatsira mwana wanga. Chachiwiricho ndinamupatsira ndi dzanja langa.

Usiku umenewo ndinalowa kuchipinda kwake n'kukhala pansi pa mphasa, iye ali pabedi. Ndinati, "Mwana wanga, kuba unaba ndiwe, ndipo ubweza. Koma ine ndinakulakwira. Ndinakumenya pa zinthu zimene sunkachitira dala, ndipo ndinakuchititsa manyazi pamaso pa mpingo. Mwa iwe munalibe chiwanda. Undikhululukire." Sanayankhe. Anafunda bulangete kumutu. Panapita miyezi iwiri asanandiitanenso kuti Adadi.

Zimene tinasintha ndi zazing'ono, mwina muziona ngati zachibwana, koma ndi zimene anatiphunzitsa kuchipatala. Tikamutuma, timapita pamene ali, timamugwira paphewa, atiyang'ane, timanena chinthu chimodzi, iye abwereze. Za pa okala timalemba pa kapepala. Ntchito zake za tsiku zili pa khoma ndipo sizisinthasintha. Akachita bwino timanena pompo, ndipo timatchula chimene wachitacho. Ichi chinandivuta ine kuposa kusala kudya, chifukwa pakamwa panga panazolowera kuona zolakwika zokha. Akalakwa, chilango chimakhala chaching'ono, chodziwika kale, cha tsiku lomwelo, monga kusaonera mpira madzulo amenewo, ndipo ine ndi mayi ake timanena chimodzi. Akayamba kukweza mawu, ine ndimatsitsa anga, ndipo zikavuta ndimatuluka kaye panja. Lamba anabwerera pa ntchito yake yomanga buluku. Tinakakambirana ndi aphunzitsi kuti azikhala kutsogolo, kutali ndi zenera, ndipo ntchito yaitali azimugawira pang'onopang'ono.

Adokotala anamulemberanso mankhwala otchedwa methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Ritalin. Sapezeka wamba, amafuna chikalata cha dokotala, ndipo amafuna kumapita kukapimidwa sikelo ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa amachepetsa chilakolako cha chakudya ndipo ena amawasowetsa tulo. Ine ndinalimbana nazo mumtima, ndinkaona ngati ndikuchepetsa mphamvu ya Mulungu. Mayi a kunyumba ndi amene anandifunsa kuti, "Nanga magalasi mwavalawo, mwachepetsa mphamvu ya ndani?" Patatha milungu ingapo mnyamata anabwera kuchokera kusukulu n'kuuza mayi ake kuti, "Lero ndamva phunziro lonse mpaka kumapeto." Koma ndikuchenjezeni: mankhwala amathandiza chidwi ndi mabuleki aja. Saphunzitsa ulemu, sabweza foni yobedwa, sasankhira mwana anzake. Za bokosi lachiwiri ndi lachitatu zimafuna anthu.

Ndipo anthuwo Mulungu anatipatsa. Mutu umodzi susenza denga. M'bale wina wa mumpingo amene amakonza mafoni ndi mawailesi anamutenga kuti azimuthandiza Loweruka lililonse. Tangoganizani, wakuba foni kumuika pa benchi yodzaza mafoni a anthu. Ndinamufunsa m'baleyo ngati waganiza bwino, iye anati, "Abusa, manja amenewa akufuna chochita." Ndalama zimene ankapeza kumeneko ndi zimene anabwezera chopereka chija pang'onopang'ono, ndipo ankakapereka yekha m'manja mwa dikoni amene ndinamukayikira uja. A kwaya anamupatsa ng'oma. Mwana amene sankatha kukhala pa benchi mphindi 10 amaimba ng'oma maola awiri osaphonya.

Sindikuuzani kuti zonse zatha, chifukwa ndingakhale ndikunama pamaso pa Mulungu. Anabwereza Fomu 2, pano ali Fomu 3. Chaka chatha anabwererako kwa anyamata a pa pool aja kamodzi, tinakamutenga usiku. Mwezi watha tinakangana pa nkhani ya foni yake mpaka anamenyetsa chitseko, ndipo ine ndinamva dzanja langa likupita pa lamba lokha. Ndinatuluka panja n'kuzungulira nyumba katatu. Patapita ola limodzi anabwera yekha n'kuti, "Adadi, pepani, ndinapsa mtima." Mawu akuti pepani ndinali nditawamva komaliza ali ndi zaka 10. Kwa ine chozizwitsa ndi chimenecho. Aleluya.

Tsopano kwa inu makolo. Si mwana aliyense wovuta amene ali ndi ADHD, ndipo musatenge positi ya abusa ngati chikalata cha dokotala. Njala, kusagona, kusamva bwino m'makutu, khunyu, imfa ya kholo, kuchitidwa nkhanza ndi chamba, zonsezi zikhoza kuoneka chimodzimodzi, n'chifukwa chake pamafunika wodziwa kuti asiyanitse. Alipo ana ena a ADHD amene savuta n'komwe, amangokhala phee maganizo ali kutali, makamaka atsikana, ndipo awa timangowatcha aulesi kapena mbuli. Koma ngati mnyamata wanu wakhala womwazika maganizo ndi wosakhazikika kuyambira ali wamng'ono, kunyumba ndi kusukulu komwe, ndipo tsopano mukuona kupepesa kukusanduka makani, musadikire foni ya kupolisi ngati ine. Yambani pa chipatala chachikulu cha m'boma lanu, funsani amene amaona za matenda a maganizo. Thandizo lotere limapezekanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Tengani malipoti a kusukulu. Pa mzere umenewo palibe chochititsa manyazi, ine ndinavula kapusi ulendo wachitatu.

Kwa amayi amene munabweretsa anyamata anu kutsogolo m'zaka zapitazi, ine n'kuwatchula pa maikolofoni kuti ali ndi mzimu wa kuwukira, ndikupepesa. Ena mwa anyamata amenewo sanapondenso m'tchalitchi, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Ngati mwana wanu ndi mmodzi wa iwo, muuzeni kuti abusa akufuna kudzapepesa okha, ndibwera kumene ali. Kupemphera sindinasiye, ndipo sindidzasiya. Mwana wanga ndimamupempherera m'mawa uliwonse, koma tsopano ndimapemphera naye kuchipinda, chitseko chili chotseka, ndikumutchula kuti mwana wanga wokondedwa. Mumpingo mwathu kuyambira tsopano palibe mwana amene adzaitanidwe kutsogolo kuti atchulidwe zolakwa zake pagulu. Kwa azibusa anzanga, tiyeni tiphunzire kufunsa funso la wapolisi uja, lakuti zinayamba liti, tisanasanjike manja.

Ndipo kwa mlongo namwino uja, amene ndikudziwa kuti akuwerenga: munanena zoona, ine ndinakukanizani m'dzina la Yesu. Mundikhululukire. Mulungu ankalankhula kudzera mwa inu.

Chonde musalembe maina a ana anu m'makomenti, nawonso ali ndi ulemu wawo. Amene mukufuna kulankhula nane, tionane tikaweruka Lamulungu, mayi a kunyumba adzakhalapo, ndipo mlongo namwino wavomera kukhala nafe. Ngati mukudziwa kholo limene latsala pang'ono kutaya mtima pa mnyamata wake, litumizireni positi iyi. Lamulungu mukamva ng'oma ikulira, mudziwe kuti ndi yemwe uja anakhala pa simenti ya kupolisi.

Ambuye akudalitseni nonse, inu ndi ana anu. Amen.